Mkondo wa Sauli: Za Kutukwana ndi Mau Olaula



Nkhani ya lero ndi yovuta kuikamba, pakuti tiyenera kulankhula za mau amene sitingathe kuwatchula. Koma makolo musathamangire kutseka wailesi kapena kupirikitsa ana. Simudzamva liu ndi limodzi lomwe loti muchite nalo manyazi pamaso pa apongozi anu. Chatichititsa kukamba zimenezi ndi kalata ya mphunzitsi wina wa katekisimu. Iye akuti kamnyamata ka zaka 7, kamene kakukonzekera kulandira Ukaristia woyamba, kadatukwana mnzake m'kalasi pomutchulira za mai wake. Atakafunsa kumene kadamva mau otere, kadayankha mosaopa konse kuti, "Atate amatero akamathamangitsa mbuzi m'munda." Tsono mphunzitsiyo akutifunsa kuti: mau amenewa adachokera kuti? Ngati thupi adalenga ndi Mulungu, kulitchula kungakhale bwanji tchimo? Ndipo kodi ilipo nthawi imene mkristu angawatchule osalakwa?

Tiyambe ndi nkhani yakale imene mungaiwerenge nokha m'buku loyamba la Samuele, mutu 20. Kunyumba kwa mfumu Sauli kudali phwando la mwezi watsopano. Mfumu idakhala pamalo pake pafupi ndi khoma, Abinere mkulu wa asilikali ali pambali pake, Yonatani mwana wa mfumu ali pomwepo. Koma malo a Davide adali opanda munthu. Tsiku loyamba Sauli sadanene kanthu. Tsiku lachiwiri adafunsa, ndipo Yonatani adayankha kuti Davide adapempha kupita kwao ku Betelehemu, ku nsembe ya banja lao. Pamenepo mfumu idapsa mtima. Tsono tamverani kumene mkwiyo wake udakagwera. Mau ake oyamba adalasa munthu amene sadalankhule kanthu m'nkhani yonseyi, ndiye mai wake wa Yonatani, mkazi wa Sauli yemweyo. Mfumu idanyoza maiyo, nitchula umaliseche wake pamaso pa anthu akudya. Yonatani adayesa kufunsa kuti Davide walakwanji, ndipo yankho lake lidali mkondo: Sauli adauponya kuti alase mwana wobala yekha. Mukawerenga mudzaona kuti mau otukwanawo ali pa ndime 30, mkondo uli pa ndime 33. Yonatani adanyamuka pa chakudya ali wokwiya kwambiri, ndipo tsiku limenelo sadadye kanthu.

Izi zidachitika zaka ngati 3,000 zapitazo, kulibe lamya za m'manja, kulibe kanema, kulibe depoti ya basi. Choncho amene amati kutukwana mai wa munthu kudabwera ndi ana a masiku ano, kapena kuti kudabwera ndi Azungu, aiwala Sauli.

Pofuna muzu wa nthendayi, chinenero chathu chimatithandiza, pakuti chimasiyanitsa zinthu zimene zinenero zina zimaziphatikiza. Kulumbira ndi kuitana Mulungu kapena manda a makolo kuti achitire umboni mau athu. Kutemberera ndi kufunira munthu tsoka. Kutukwana ndi kuvula munthu ulemu ndi pakamwa. Angerezi ali ndi liu limodzi lokha la kulumbira ndi kutukwana komwe, ife tili nao awiri. Koma liu limene tifuna kuti muliyang'anitsitse ndi lakuti kulaula. Tikamva mnyamata akutchula poyera ziwalo zobisika, timati akulaula, ndipo mau akewo timati zolaula. Nanga kadzidzi akalira padenga usiku, kapena nkhuku yaikazi ikalira ngati tambala, akuluakulu ankati chiyani? Ankati malaulo. Tsinde lake ndi limodzi. Makolo athu pakumva mau otere sankayamba kuganiza za litsiro, ngati kuti munthu waponda ndowe. Ankaganiza za tsoka: chinthu chatuluka pamalo pake, chaonekera pa nthawi imene sichiyenera kuoneka, ndipo mudzi uli pangozi.

Tikayang'ana mitundu ina ya anthu, nzeru ya makolo athuyi imaoneka bwino. Ku Quebec, chigawo cha dziko la Canada kumene amalankhula Chifalansa, ndiponso kumene Eklezia adali ndi mphamvu zambiri kufikira zaka za m'ma 1960, munthu akapsa mtima amafuula maina a tabernakulo, chikho cha pa Misa ndi hostia. Kumeneko ndiye kutukwana kwao kwakukulu. Zidafika poti m'chaka cha 2006 arkidayosizi ya Montreal idapachika zikwangwani m'miseu, zolembedwa mau amenewa pamodzi ndi tanthauzo lake lenileni, kuti anthu akumbukire chimene akutchula. Ku Holland amatukwanizana ndi maina a matenda oopsa, monga kansa ndi kolera. Ku England wa zaka 600 kapena 700 zapitazo, kutukwana koopsa kudali kutchula mabala, mafupa ndi magazi a Ambuye athu, ndipo alaliki a nthawi imeneyo ankati anthu otere akung'ambanso thupi la Kristu. Pamene mau ena a ziwalo, amene lero Mngerezi sangawatchule pamaso pa ana, ankalembedwa m'mabuku a zamankhwala, ngakhale pa maina a miseu.

Mukuona tsono? Palibe mtundu umene umatukwana ndi chinthu chachabechabe. Palibe munthu adapsapo mtima chifukwa mnzake wamutchulira chigongono kapena khutu. Mau otukwana alibe mphamvu yaoyao. Amaba mphamvu ku chinthu chimene mtunduwo umachiopa kapena kuchilemekeza koposa.

Nanga ife kuno timatukwana ndi chiyani? Yankho mukulidziwa nonse, ngakhale inu amene mwaweramitsa mutu. Timatukwana ndi mai, ndi ziwalo zimene Mulungu adaikamo mphamvu yakubereka. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe mwana amawerengedwa ku mtundu wa mai wake. Timati ife ndife a bele limodzi, timakamba za bele lalikulu ndi bele laling'ono, ndipo mwamuna amanyadira mbumba yake. Ngakhale kwa abale athu kumene mwana ndi wa kwa bambo, palibe amene angapirire mai wake akunyozedwa. Makolo athu adazinganso nkhani za m'nyumba ndi miyambo yambirimbiri: zoyenera kusala mwana wakhanda asanatengedwe, zoyenera kusala maliro ali m'mudzi, mantha a mdulo ndi tsempho, ngakhale za yemwe angathire mchere m'ndiwo. Sitikunena kuti zonsezo zidali zoona. Tikungoti zikusonyeza kuti iwo ankaona mphamvu yakubereka ngati moto, wophikira nsima ukakhala pa mafuwa, wopsereza mudzi ukagwera m'udzu. Khomo limene aliyense wa ife adalowera m'dziko lino, mfumu ndi wantchito, episkopi ndi mbala, ndilo limene wotukwana amalizula nkuliponya m'fumbi kuti mnzake amve kupweteka. Ndipo limapwetekadi, chifukwa ndi loyera.

Apa tayamba kale kuyankha funso lachiwiri la mphunzitsi uja. Thupi si lonyansa ai. Buku la Genesis limatiuza kuti anthu oyamba adali maliseche osachita manyazi, ndipo atachimwa, Mulungu mwini ndiye adawakonzera zovala zachikopa nawaveka. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 12, akuphunzitsa kuti ziwalo zimene timazibisa ndizo timazipatsa ulemu woposa. Eklezia adakana kuyambira kale chiphunzitso cha anthu onga Amanikeo, amene ankati thupi ndi ntchito ya mdima. Augustino Woyera adakhala pakati pao zaka ngati 9 asanatembenuke mtima. Choncho mkristu akamabisa thupi, akulibisa monga timabisira hostia m'tabernakulo, osati monga timakwiririra zinyalala kudzala.

Ngakhale mau enieniwo, mukawafufuza, ambiri adayamba ngati nsalu yophimbira. Pamene tinkaphunzira Chilatini ku seminale tidadabwa kumva kuti liu limene dokotala amalemba lero ponena za chiwalo cha mwamuna, kwa Aroma akale linkatanthauza mchira, ndipo linzake la chiwalo cha mkazi linkatanthauza chimake cha lupanga. Adali mau ozungulira, monga ife timanenera kuti kumaso, kugona, kulowa m'nyumba, kukhala kumwezi. Monganso Malembo Oyera amanenera kuti mwamuna adadziwa mkazi wake. Koma nsalu yophimbira imatha. Liu lozungulira likazolowereka limasanduka dzina lenileni, anthu nkuyamba kuchita nalo manyazi, nkufunanso lina. Umu ndi m'mene mau atsopano a achinyamata amabadwira chaka ndi chaka, m'masukulu ogonera komweko, m'nyimbo, m'malo omwera mowa. Kubadwa kwa mau atsopano si mlandu. Chinenero chamoyo chimaphuka. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi kumene mauwo amatengedwa. Tamverani bwino anyamata akamacheza: mtsikana amatchulidwa ndi maina a zakudya, a katundu, a zinthu zogula ndi kutaya, ndipo chikondi cha m'banja chimatchulidwa ndi mau a kumenya, kuboola ndi kugonjetsa. Mau a agogo ankaphimba munthu. Awa akumusandutsa ndiwo.

Pali chinthu china chimene tidaphunzira m'kalasi la Malembo Oyera, chimene mpaka lero chimatitsogolera. M'Baibulo la Chihebri muli malo anai, m'buku la Deuteronomo mutu 28, Yesaya mutu 13, Yeremiya mutu 3 ndi Zekariya mutu 14, pamene padalembedwa liu lakuthwa kwambiri lonena za mwamuna ndi mkazi. Alembi a Chiyuda sadalifafanize. Adalisiya mu mzere momwemo, koma m'mphepete mwa tsamba adalembamo liu lofatsa, lakuti kugona, kuti wowerenga m'sunagoge atchule limenelo. Choona chidakhalabe cholembedwa, koma pakamwa padasankha liu poyang'ana anthu amene akumvera. Baibulo si buku lamanyazi: werengani Ezekiele mutu 16 ndi mutu 23 mudzatsimikiza. Koma mneneri akalankhula mwakuthwa, amatero kuti adzutse mtundu umene ukugona m'machimo, osati kuti anthu aseke.

Makolo athu naonso adali ndi malo ake a mau otere. Kutsimba anamkungwi ankauza namwali zinthu mosabisa. Msuweni ankaseleula msuweni wake ndi mau amene sakadayerekeza kuuza mlongo wake. Ndipo tonse tidziwa kuti ku Gule Wamkulu, pa maliro ndi pa chinamwali, kunkaimbidwa nyimbo zimene amuna ndi akazi ankatchulirana ziwalo poyera. Si kwathu kokha: katswiri wina wa ku England, dzina lake Evans-Pritchard, adalemba m'chaka cha 1929 kuti mitundu yambiri ya mu Afrika imaloleza mau olaula pa nthawi zoikika, monga pa maliro, pa chinamwali ndi pa ntchito zolemetsa zogwirira pamodzi, koma imawaletsa masiku ena onse. Ansembe amene adatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, pamodzi ndi amene adawatsatira, adalimbana ndi nyau zaka zambiri, ndipo nyimbo zimenezi zidali chimodzi mwa zifukwa zake. Ife sitikuyeretsa zonse za makolo. Tidziwa kuti atsikana ang'onoang'ono ena ankauzidwa zinthu zopitirira msinkhu wao, ndipo nchifukwa chake Eklezia adaika alangizi akeake. Koma tivomere choona ichi: padali mpanda. Mwamuna amene adaimba usiku kubwalo, m'mawa akaona apongozi ake akubwera ankapatuka njira. Akadayerekeza kubwereza mau omwewo pachitsime, nkhani ikadathera kwa mfumu, ndipo nkhuku kapena mbuzi ikadatuluka m'khola.

Mpanda umenewu udayamba kugwa pamene anthu adayamba kukhala kutali ndi maso a abale ao. Amuna athu zikwizikwi adapita ku migodi ya ku Johannesburg, kumene timati ku Joni, ndi ku Rhodesia, nakhala miyezi yambiri m'makomboni a amuna okhaokha, kopanda mai, kopanda mlongo, kopanda mpongozi woti umuope, akulamulidwa ndi akapitao amene chinenero chao cha pa ntchito chidali kukalipa. Pobwera adatenga njinga, mabulangete ndi magalamafoni, adatenganso mau. Liu lija lakuti fuseki, limene ena amauza nalo ana ao, lidachokera ku chinenero cha Mabunu, ndipo kumeneko ndi liu lopirikitsira galu. M'tauni zidapitirira. Pa depoti, pa msika, ku bwalo la mpira, palibe amene amadziwa malume ako. Tsopano kwabwera lamya ya m'manja, imene imabisa ngakhale nkhope. Kale mau otukwana ankauluka ndi mphepo. Lero amalembedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, nakhala pomwepo, mai wonyozedwayo nkumawawerenga kawirikawiri, ana ake naonso nkuwawerenga.

Ndipo mkondo suchedwa. M'mwezi wa Januwale 2012, m'miseu ya Lilongwe ndi Blantyre, magulu a amuna adagwira amai ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, nawavula poyera masanasana, kufikira amai adasonkhana mwaunyinji ku Blantyre kudandaula. Amuna amenewo ankati akuteteza ulemu ndi chikhalidwe. Koma ife tikuti manja aja sakadalimba mtima pakadapanda pakamwa pamene padazolowera kale kuvula amai ndi mau tsiku ndi tsiku, iwo akungodutsa kupita kukagula tomato. Malamulo a dziko lathu amalanga munthu wonyoza ulemu wa mkazi ndi mau, ndipo lamulo la m'chaka cha 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsanso chipongwe chotere. Koma wapolisi sangaime pa khomo lililonse.

Tifike tsono pa funso lachitatu, limene ambiri mukulidikira: kodi ilipo nthawi imene mau otere sakhala tchimo? Ilipo, ndipo tifuna kuti aphunzitsi mumvetse bwino, chifukwa pamenepa akristu achangu amalakwira anthu osalakwa.

Tidaitanidwa nthawi ina kukaona mai wokalamba amene adatumikira tchalitchi zaka zambiri, wosesa, wokonza maluwa, wotsogolera korona. Adagwidwa ndi matenda ofa ziwalo mbali imodzi, amene achipatala amati sitiroko, ndipo mau onse adamuthawa. Sankatha kutchula ngakhale maina a ana ake. Koma akalephera kunena chimene akufuna, m'kamwa mwake munkatuluka mau otukwana, omveka bwinobwino, amene ana akewo sadawamvepo kwa iye chibadwire. Adamutsekera m'chipinda chakumbuyo chifukwa cha manyazi, ndipo anansi adali atayamba kunong'onezana kuti ufiti umene ankabisa tsopano ukuululika. Inu mudziwa chimene chimachitikira nkhalamba m'midzi mwathu manong'onong'o otere akakula. Abale, umenewu si ufiti, ndipo si tchimo. Madokotala adazidziwa kalekale. M'chaka cha 1861, ku Paris, dokotala Paul Broca adafotokoza za wodwala amene adataya mau onse kupatula kaliu kamodzi kopanda tanthauzo, koma akakwiya ankatha kutulutsa mau olumbira mwamwano. Mau amene timalankhula mwadala amakonzedwa makamaka ku mbali yakumanzere ya ubongo. Mau otuluka mwadzidzidzi ndi mkwiyo kapena ululu amadzera njira zina, zimene nthenda ingazisiye zili bwino. Alipo ana ndi akulu enanso amene ali ndi nthenda yotchedwa Tourette, ndipo ochepa mwa iwo amatulutsa mau oipa osafuna konse. Katekisimu wathu amaphunzitsa kuti munthu sachimwa popanda kudziwa ndi kufuna. Mai uja tidampatsa Ukaristia tsiku lomwelo, ndipo tidapempha ana ake kuti amutulutse azikhala pakhonde.

Nanga munthu amene wadziphwanya chala ndi nyundo, liu nkumupulumuka? Tisakulitse zimene zili zazing'ono. M'chaka cha 2009 Richard Stephens ndi anzake pa yunivesite ya Keele ku England adapempha ophunzira kuti aviike dzanja m'madzi ozizira koopsa, ndipo adapeza kuti amene ankatukwana ankapirira nthawi yaitali kuposa pamene ankatchula liu wamba. Achinyamata ena amakonda kutikumbutsa zimenezi. Amaiwala kuti m'chaka cha 2011 Stephens yemweyo adapezanso kuti anthu otukwana kawirikawiri tsiku lililonse sathandizidwa kwenikweni. Kwa iwo mauwo adatha kale mphamvu. Kufuula kwa munthu wopwetekedwa, kopanda amene akumulasa, ndi kufooka koyenera kukugonjetsa pang'onopang'ono, koma sikufanana ndi mkondo wa Sauli. Tingokumbutsa bambo wa nyundoyo kuti chimene chimatuluka mwadzidzidzi ndi chimene adasunga m'nkhokwe, ndiponso kuti mwana amene akumugwirira misomali ali ndi makutu.

Koma ilipo nthawi ina imene kutchula zinthu poyera si chololedwa chabe, ndi udindo. Pamenepa ife akristu tiyenera kudziguguda pachifuwa. Nthenda ya Edzi idapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo kwa zaka zambiri tidaizungulira ndi maina: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, matenda omwewa. Pa maliro tinkati wadwala nthawi yaitali. Tinkaopa kulaula, ndipo manda ankadzaza. Zidatenga mpaka chaka cha 2004 kuti mtsogoleri wa dziko, Bakili Muluzi, anene poyera kuti mbale wake adamwalira ndi nthendayi. Lero lomwe alipo amai amene amafika mochedwa ku chipatala ndi kansa ya khomo la chiberekero chifukwa adachita manyazi kuuza namwino pamene pakupweteka. Ndipo choopsa koposa ndi ichi: kamtsikana kapena kamnyamata kakachitidwa zoipa ndi munthu wamkulu, kamabwera kwa mai wake kufuna kunena, koma liu lokha limene kamadziwa ndi lija kadamenyedwera tsiku lina. Tsono kamakhala chete, ndipo woipayo amapitiriza. Makolo, alangizi, aphunzitsi: patsani ana anu maina aulemu ndi omveka a ziwalo zao, ndipo muwauze kuti kunena kwa mai, kwa namwino kapena kwa woweruza milandu si kutukwana. Zimatimvetsa chisoni kuona banja limene bambo amatukwana mbuzi, njinga ndi mkazi wake momasuka, koma mwana akafuna kuulula chimene amuchita amauzidwa kuti, "Khala chete, ukulaula."

Mukatifunsa kuti kutukwana kumagwera pa lamulo liti la Mulungu, ambiri mudzayembekeza kuti tinene lachisanu ndi chimodzi, la chigololo. Nthawi zina nzoona, makamaka nthabwala zonyansa zimene Paulo Woyera akuletsa m'kalata yake kwa Aefeso mutu 5. Koma kutukwana mai wa munthu ife timakuika pa lamulo lachinai, lakulemekeza atate ndi amai, ndiponso pa lachisanu. Ambuye Yezu mwini, m'Mthenga Wabwino wa Mateyo mutu 5, pofotokoza lamulo lakuti tisaphe, adaikapo mkwiyo ndi mau onyoza mbale.

Achinyamata amatiuza kuti, "Abambo, ndi mau chabe, sitiganizira tanthauzo lake, ndi m'mene timachezera." Tikukhulupirira kuti ambiri simuganiziradi. Koma tikufunseni: bwanji mumasiya mai anu akalowa m'nyumba? Ndipo bwanji, mlendo akakuuzani liu lomwelo limene mnzanu amakuuzani mukuseka, mumavula malaya kufuna ndeu? Mtima wanu udziwa tanthauzo limene pakamwa panu pakukana. Tikuvomera kuti mau amasintha kulemera kwake ndi nthawi ndi malo. Taona kale za ku Quebec ndi ku England. Koma inu simukhala ku Quebec. Mukhala pakati pa anthu amene liu limenelo limawalasa, ndipo mlongo wanu akamalimva tsiku ndi tsiku m'minibasi amaphunzira kuti thupi lake ndi chinthu chonyozera anthu.

Tisaoneke ngati ife ansembe tili kutsidya. Pa mpira, kapena galimoto ikatitimira m'matope usiku, lilime lathu nalonso limaterereka. M'mwezi wa Meyi 2024 malemu Papa Francis, polankhula ndi maepiskopi a ku Italy m'chipinda chotseka, adatchula liu la m'miseu lonyoza amuna okonda amuna anzao. Nkhani idatuluka, ndipo ofesi yofalitsa nkhani ku Vatican idapepesa m'dzina lake kwa onse amene adapwetekedwa. Ngati Papa adapepesa, bambo wa m'nyumba sangachepe popepesa mkazi wake pamaso pa ana amene adamumva akutukwana.

Tibwerere kwa inu, aphunzitsi amene mudatilembera. Kamnyamata kaja musakamenye, ndipo musakachotse m'kalasi la Ukaristia; sikadziwa chimene kadanena. Mukatengere pambali, mukafunse dzina la mai wake, mukafunsenso dzina la mai wa mnzake uja, ndipo mukauze mofatsa kuti liu lija limanyoza amai awiri onsewo. Kapepese kwa mnzake, nkhani ithere pomwepo. Ntchito yaikulu ili kwa bambo wake. Musamuchititse manyazi pa msonkhano wa mphakati. Mupite kwao madzulo, inu ndi mkulu mmodzi amene iye amamulemekeza, ana atapita kosewera. Mumuuze chimene mwana adayankha, mau ake omwewo a mbuzi, osaonjezera kanthu. Akalola, muwerenge naye mutu 20 uja kuyambira ndime 24 mpaka 34, ndipo mai wa m'nyumbamo akhalepo, pakuti kawirikawiri mbuzi si yokha imene imamva mau amenewo. Mudzatilemberenso kutiuza m'mene mwayendera.